Agulugufe ndi nyengo: zimene mlimi wa ku Biriwiri angaphunzirepo

Mukamadutsa pansi pa mitengo ya mango kapena m'mphepete mwa dambo kuno ku Biriwiri, mumaona tiagulugufe tofiirira touluka chapansipansi. M'dzinja timakhala ndi madontho akuluakulu onga maso kunsi kwa mapiko. M'miyezi ya June ndi July madonthowo saoneka, ndipo gulugufe akatera pa masamba ouma simungamuzindikire. Mungaganize kuti ndi mitundu iwiri, koma ndi mtundu umodzi wotchedwa Bicyclus.

Mu 1988 akatswiri anatenga agulugufe aakazi pafupifupi 80 a mtundu wa Bicyclus anynana ku Nkhata Bay n'kukawaweta pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands, kumene mbozi zake ankazidyetsa masamba a chimanga. Anapeza kuti chimene chimasintha maonekedwe ndi kutentha kwa nthawi imene mbozi ikukula. Mbozi yokulira pa madigiri pafupifupi 27 imasanduka gulugufe wa maso aakulu. M'bale wake wa mayi mmodzi akakulira pa madigiri pafupifupi 19 amatuluka wambuu ngati tsamba louma.

Kusiyana sikuthera pa mapiko. Gulugufe wa m'dzinja amafulumira kukwerana ndi kuikira mazira chifukwa udzu wodyetsa ana ake uli paliponse. Maso aja amanyenga adani monga chiswamphika kuti agwire kumapeto kwa phiko, iye n'kuthawa. Wa m'chisanu amasunga mafuta m'thupi, sauluka kwambiri, amadya zipatso zogwa pansi, ndipo amadikira miyezi ingapo mpaka mvula ibwere kuti aikire. Kuzizira kwa mwezi wa April ndi May ndiko kumamuchenjeza kuti udzu watsala pang'ono kuuma.

Gulugufe ameneyu saononga mbewu zanu, choncho musataye ndalama kumupopera mankhwala. Koma abale ake ouluka usiku ndiwo amakulandani chimanga, ndipo aliyense ali ndi njira yake yopulumukira chilimwe.

Kapuchi amagona m'mapesi

Kapuchi wa kumadera okwera ngati kuno, Busseola fusca, akaona chimanga chikuuma amasiya kudya n'kugona m'kati mwa phesi, nthawi zambiri chakumunsi. Amakhala momwemo chilimwe chonse. Mvula yoyamba ikanyowetsa mapesi amadzuka, kusanduka gulugufe n'kuikira mazira pa chimanga chanu chaching'ono. Ndiye kuti kapuchi wa mu December mumakhala mwamusunga nokha kuyambira pa masika.

Mukakolola musasiye mapesi ali chiimire. Agwetseni ndi kuwayala mosaunjikana kuti dzuwa la September ndi October liwatenthe, pakuti mbozi zambiri zimafa ndi kutenthako ndipo zina nyerere zimadya. Mutha kudyetsanso ziweto kapena kupangira manyowa. Mapesi omangira mpanda wa dimba kapena ounjikidwa pamthunzi ndiwo amasunga kapuchi kwambiri. Kuotcha sikoyenera: mumapha mbozi koma mumatayanso chonde.

Ntchemberezandonda sizigona

Mbozi izi zinachokera ku America ndipo zinafika m'Malawi muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/2017. Sizitha kugona m'phesi ngati kapuchi. Zimafuna chomera chobiriwira chaka chonse, ndipo m'chilimwe zimachipeza m'madimba ndi m'minda yothirira. Kukatentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso zimatenga pafupifupi mwezi umodzi. M'chisanu zimachedwa kukula, koma sizitha.

Ngati muli ndi chimanga cha kudimba, chiyendereni kawiri pa sabata. Yang'anani mazira kunsi kwa masamba, timabowo toonekera ngati pepala, ndi ndowe zonga utuchi m'kati mwa nsonga. Phwanyani mazira ndi mbozi ndi manja zikadali zochepa. Agulugufe ake amauluka mtunda wautali usiku, ndipo malire a pa Biriwiri sawadziwa, choncho gwirizanani ndi anzanu, ngakhale a tsidya la Mozambique, kuti mubzale nthawi imodzi ndi mvula yoyamba yokwanira. Munda wobzalidwa mochedwa ndi umene umalandira mbozi zochoka m'minda ya anzanu. Musanagule mankhwala funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo popera m'mawa kwambiri kapena madzulo, kulunjika m'kati mwa nsonga mmene mbozi yabisala.