KODI MAKINA OTHANDIZA KUPUMA AMAPULUMUTSA OKALAMBA ANGATI?

Sabata yatha tidakambirana za chibayo ndi mmene chimagwetsera makolo athu m'nyengo yachisanu. Lero tafika pa funso lolemera kuposa pamenepo, limene mphunzitsi mnzanga adafunsidwa usiku wina pakhonde la chipatala china chachikulu. Adafika kumeneko ndi bambo ake, munthu wa zaka 84, akubanika. Dokotala adamuitanira pambali nati, "Bambowa akulephera kupuma paokha. Tikhoza kuwalowetsa kapaipi kukhosi ndi kuwaika pamakina, koma sindingakulonjezeni kuti adzachokapo. Mukuti bwanji?" Mnzangayo adaimbira foni achimwene ake ndiponso alongo a bambowo kumudzi, ndipo onse adangoti, "Chitani zimene mukuona kuti n'zabwino." Padalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene mwini moyoyo akadafuna, pakuti padalibe amene adawafunsapo akali bwino. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma.

Tsono tiyambe taona chimene kapaipi kameneka kali. Amene mudaphunzira sayansi ya zamoyo mukukumbukira kuti kukhosi kuli njira ziwiri: yakutsogolo ndiyo ya mpweya, yopita kumapapo, ndipo yakumbuyo ndiyo ya chakudya. Wodwala akalephera kupuma, dokotala amayamba wamubaya mankhwala ogonetsa ndi ena ofewetsa minofu. Kenaka amanyamula lilime ndi kachitsulo kokhala ndi nyali, nalowetsa kapaipi konenepa ngati chala chaching'ono kudzera pakamwa, kupyola pakati pa timinofu tiwiri totulutsa mawu, mpaka m'njira ya mpweya ija. Kunsonga kwake kuli kabaluni kamene amakapopa kuti mpweya usathawire m'mbali. Zikatero makina amayamba kukankhira mpweya m'mapapo. Wodwalayo sangalankhule, sangameze; chakudya chimadzera m'kapaipi kena ka m'mphuno, ndipo makhololo amachita kuwayamwa ndi makina.

Chithandizo chotere chidakhazikika m'chaka cha 1952, pamene mliri wa poliyo udagwa mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Chipatala cha Blegdam chidadzaza ndi odwala, ambiri mwa iwo ana, amene minofu yawo yopumira idafa. Dokotala wina wodziwa kugonetsa odwala pa opaleshoni, Bjørn Ibsen, adapereka nzeru yoti aziboola pakhosi, kulowetsapo kapaipi, ndi kumapopera mpweya pofinya kathumba kamphira ndi manja. Ophunzira zaudokotala mazanamazana adasinthana ntchitoyo usana ndi usiku kwa miyezi. Poyamba, mwa odwala khumi otere pafupifupi asanu ndi anayi ankamwalira. Njirayi itayamba, imfa zidatsika kufika cha m'ma anayi. Chaka chotsatira, Ibsen adatsegula chipinda chimene ambiri amachiyesa choyamba mwa zipinda za matenda akayakaya za masiku ano.

Koma taonani mfundo iyi, awerengi: makina aja sadachize poliyo. Adangosunga moyo wa ana amene mitima ndi impso zawo zidali zolimba, kufikira nthendayo itapha ukali wake. Mpaka lero ndi momwemo. Makina othandiza kupuma ali ngati mzati umene timachirikiza nawo denga pamene tikuumbanso khoma lakugwa. Khoma likatha kuumbika, mzatiwo timauchotsa. Koma ngati maziko enieniwo adatha, mzati sungasanduke khoma.

Nanga okalamba zimawathera bwanji? M'chaka cha 2018, Dr Kei Ouchi wa pachipatala cha Brigham and Women's ku Boston, pamodzi ndi anzake, adafalitsa kafukufuku m'magazini ya Journal of the American Geriatrics Society. Iwo adasanthula mbiri za odwala oposa 35,000 a zaka 65 kapena kuposerapo, amene adaikidwa kapaipi mwadzidzidzi atangofika pa zipatala 262 za ku America pakati pa 2008 ndi 2015. Adapeza kuti 33 mwa 100 alionse adamwalira asanatuluke m'chipatala. Imfazo zidakwera pamodzi ndi zaka: 29 pa 100 mwa a zaka 65 mpaka 74, 34 mwa a zaka 75 mpaka 79, 40 mwa a zaka 80 mpaka 84, 43 mwa a zaka 85 mpaka 89, ndipo theka lathunthu mwa a zaka 90 ndi kuposerapo.

Ziwerengerozi ziyenera kuwerengedwa mbali zonse ziwiri. Mbali yoyamba ndi yopatsa chiyembekezo: awiri mwa atatu adatuluka ali moyo, ndipo ngakhale mwa a zaka 90, mmodzi mwa awiri adapulumuka. Choncho amalakwa amene amati kuika munthu wamkulu pamakina n'kutaya nthawi. Mbali yachiwiri ndiyo imene anthu sakonda kuiona. Mwa odwala 100 aja, 24 okha ndiwo adabwerera kunyumba kwawo potuluka. Ena 41 adapita kumalo ena, monga kunyumba zosamaliramo ofooka, chifukwa sadali oti n'kubwerera kwawo. Kupulumuka ndi kuchira ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tikumbukirenso kuti izi ndi za ku America, m'zipatala zokhala ndi zipangizo zonse, kotero sitingazinyamule momwemo kudzaziika kwathu kuno. Kuno makinawa amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, mabedi ake ndi owerengeka, ndipo ambiri amafika mochedwa atayenda ulendo wautali. Nyumba zosamaliramo ofooka nazo n'zosowa. Gogo akatuluka osatha kudzuka, ntchito yonse ya kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza imagwera ana aakazi ndi adzukulu.

Kodi n'chifukwa ninji makina opulumutsa moyo amasiya munthu wofooka chotere? Choyamba, mnofu waukulu wopumira, umene uli kunsi kwa mapapo, umayamba kuonda m'masiku awiri kapena atatu okha makina akautengera ntchito. Minofu ya miyendo ndi manja nayo imasungunuka pogona, ndipo wokalamba sachedwa kuitaya koma amachedwa kuibweza. Chachiwiri, kapaipi kamatsegulira tizilombo njira yolowera m'mapapo, mwakuti wina amadwala chibayo chatsopano ali pamakina pomwepo. Chachitatu, mankhwala ogonetsa, phokoso ndi kusowa tulo zimasokoneza mutu; ena amazunzika, nafuna kuzula kapaipi, ndipo ena nzeru zawo sizibwerera mwakale. Ngati papita sabata ziwiri kapena kuyandikira apo munthu akulepherabe kupuma yekha, madokotala amaganiza zoboola pakhosi kuti kapaipi kadzere pamenepo. Walira mvula walira matope.

Komabe zaka pazokha si muyeso wokwanira. M'chaka cha 2005, Dr Kenneth Rockwood wa pa yunivesite ya Dalhousie ku Halifax, m'dziko la Canada, adafalitsa muyeso wa kufooka kwa okalamba umene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito. Mafunso ake ndi apafupi: nthenda iyi isanayambe, kodi munthuyu ankayenda yekha? Ankasamba ndi kuvala yekha? Ankatha kugwira ntchito zapakhomo? Gogo wa zaka 80 amene mwezi watha ankalima ndi kupita kuchigayo ali ndi mwayi woposa bambo wa zaka 68 amene wakhala chigonere chaka chathunthu ndi khansa yofalikira. Chimene chabanikitsa munthuyo nachonso n'chofunika. Chibayo kapena mphumu zimamva mankhwala. Koma ngati mtima udaima nthawi yaitali, kapena magazi adakhetsekera kwambiri muubongo, mwayi umachepa ndithu.

Tsono mukadzaima pakhonde lija, musadzangoti, "Adokotala, yesetsani." Funsani mafunso atatu. Kodi chimene chawalepheretsa kupuma n'chochizika? Zikayenda bwino koposa, adzakhala munthu wotani, woyenda kapena wogona? Nanga tiyese masiku angati tisanakhalenso pansi kuona ngati makinawo akuthandiza? Madokotala ambiri amavomereza kuyesa kwa masiku owerengeka kotereku. Dziwaninso kuti kukana kapaipi si kutaya wodwala. Okosijeni wa pamphuno, mankhwala a chibayo ndi mofini wochepetsa ululu ndi kubanika zimaperekedwabe, ndipo malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima adakhazikitsidwira ntchito yosamala odwala amene sangachire.

Koma funso loposa onsewa si lofunsa dokotala, ndi lofunsa mwini wake akali wamphamvu. Ndikudziwa kuti pamwambo wathu mwana woyambitsa nkhani yotere amaoneka ngati akuitanira makolo imfa, kapena akusuzumira chuma chamasiye. Chikhalirecho makolo omwewo amatiuza okha kumene adzagone ndi amene adzatenge munda wa kudimba. Ngati amatha kulankhula za manda, sangalephere kulankhula za chipatala. Inu amene mwangomaliza sukulu, dziwani kuti tsiku limenelo abale adzakukankhirani patsogolo, chifukwa ndinu odziwa Chingerezi. Inunso aphunzitsi anzanga, ndinu amene mudzi umakuimbirani usiku. Khalani nawo agogo tsiku labwino, pali amalume kapena azakhali, mufunse mwaulemu: "Agogo, mutadwala mwakayakaya, mungafune kuti ayese makina, kapena mungakonde kukhala pakati pa ife?" Ena adzati yesani zonse, ena adzati ndisiyeni ndipume. Mayankho onse awiri ndi oyenera ulemu.

Mnzanga uja adavomera, ndipo bambo ake adakhala pamakina masiku asanu ndi anayi, natsikira kuli chete osatsegulanso pakamwa. Iye akuti sadandaula kuti adayesa. Chimene chimamusowetsa tulo n'chakuti bambowo ali m'galimoto adayamba kunena kanthu, iye nawaletsa nati, "Sungani mpweya, bambo, mudzanena tikafika." Mpaka lero sadziwa ngati adali kufuna kupempha makinawo kapena kuwakana.

Sabata yamawa tidzakambirana za kasamalidwe ka wodwala wogonera pakhomo, makamaka mmene tingapewere zilonda za pamsana.