Tisanakwere Galimoto ya Hayala Yodutsa Malire

Uthenga wa maliro ukafika kuchokera kutsidya la malire, palibe amene amaganiza za matayala. Achibale amasonkha ndalama mwamsanga, mnyamata amatumidwa ku boma kukafuna galimoto, ndipo dzuwa lisanalowe anthu adzaza kale m'lole, amayi atakhala pa matumba a ufa. Ife a kuno ku Chadiza timaudziwa bwino ulendo wotere. Malire anadula pakati pa mtundu umodzi, kotero kuti pafupifupi banja lililonse lili ndi abale ku Mozambique kapena ku Malawi.

Kuyambira pamene pangano la mtendere wa dziko la Mozambique linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio, msewu wochokera ku Katete kudzera pa Chanida ndi Cassacatiza kukafika ku Tete unatseguka kwa aliyense. Mfuti zinaleka kulira, koma msewuwo uli ndi zoopsa zake. Lipoti la bungwe la zaumoyo la WHO la chaka cha 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye ali patsogolo pa imfa zimenezi.

Tiyambe ndi munthu

M'buku la Tobiti timawerenga kuti mkuluyo, asanalole mwana wake kupita ku Mediya ndi mlendo, anayamba wamufunsa mlendoyo za kwawo ndi za fuko lake, nagwirizana naye za malipiro. Nafenso tichite chimodzimodzi, pakuti safunsa anadya phula. Dalaiva ationetse laisensi yake, ndipo tione ngati ikumulola kunyamula anthu. Timufunse ngati anayendapo njira imeneyo ndiponso ngati wagona mokwanira. Dalaiva amene wangofika kuchokera ku Lusaka usiku wonse sayenera kuyambanso ulendo wa ku Tete m'mawa mwake, ngakhale atalumbira kuti ali bwino. Tulo sitichenjeza.

Kenaka galimoto ndi mapepala

Munthu mmodzi wachikulire aizungulire galimotoyo masana. Matayala osalala, mabuleki ofooka ndi nyali yakufa si zinthu zokambirana mtengo; ndi chifukwa chokwanira chofunira galimoto ina. Pakhale tayala lapadera ndi jeke. Ku Mozambique apolisi amafunanso zikwangwani ziwiri zochenjeza za ngodya zitatu ndi chovala chonyezimira.

Ambiri timaiwala za inshuwalansi. Khadi lachikasu la COMESA limagwira ntchito ku Malawi, koma Mozambique sali m'bungwe limeneli, choncho inshuwalansi ya kumeneko imagulidwa padera. Ngati dalaiva si mwini galimoto, akhale ndi kalata ya mwini wake yomulola kutuluka nayo m'dziko. Dalaiva amene akuti akudziwa kanjira kolambalala pa chipata cha malire tisamumvere. Ngozi ikachitika tili m'dziko la eni popanda chiphaso, sitidzakhala ndi pokadandaula, ndipo kubweza mtembo kumudzi kudzakhala mlandu wina.

Mtengo tigwirizane tisananyamuke, pamaso pa mboni: ndani agula mafuta, ndani alipira pa malire, ndipo dalaiva akagona kuti. Munthu amene talimbana naye mpaka kumusiyira phindu lochepa amadzabweza ndalama zake pothamanga ndi ponyamula anthu ena m'njira.

Tili pa msewu

Tiyende masana. M'chaka cha 2016 boma la Zambia linaletsa mabasi kuyenda kuyambira 21 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Lamulolo linadzasinthidwa, koma zifukwa zake zikadalipo: ng'ombe, ngolo ndi njinga zopanda nyali, ndi malole akuluakulu ochokera ku doko la Beira. Ku Malawi ndi ku Mozambique amayenda kumanzere monga kwathu, koma amalonda athu opita ku Congo akumbukire kuti kumeneko amayenda kumanja. Ndi bwino kupeza dalaiva wozolowera.

Vuto lathu lalikulu ndi ulemu wolakwika. Timaona dalaiva akumwa mowa pa malo opumira, kapena akulankhula pa foni uku akupitirira lole pa phiri, koma timangoyang'anana, kuopa kuoneka amwano. Amene walipira galimoto ali ndi mphamvu yonena kuti, "A dalaiva, chepetsani liwiro, tanyamula ana." Akakana, titsike pa malo oyamba pamene pali anthu. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2290, amaphunzitsa kuti woika moyo wake ndi wa anzake pa chiswe chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro amachimwa kwambiri. Wongokhala chete naye sangasambe m'manja.

Mwezi wa Ogasiti, pamene Achewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, galimoto za hayala zimachuluka. Mphakati uliwonse ungachite bwino kudziwiratu madalaiva awiri kapena atatu okhulupirika, kuti tsiku la chisoni tisadzasankhe mothamanga. Kufika maliro ataikidwa kale n'kowawa, koma abale adzatilandira ndithu, ndipo tidzabwerera kwathu amoyo.