Banjo ya mphwanga inaphunzira kubangula

Mukanamupeza mphwanga, mwana wa mlongo wanga, zaka ziwiri zapitazo, ali khale pamchenga kuseri kwa mathandala a usipa kuno ku Dwambazi, mukanamumvera chisoni. Kuimba ankatha, zala zake zinkathamanga ngati za wosoka ukonde. Vuto linali banjo yakeyo. Anaikhoma yekha: chitini cha mafuta ophikira, mkono wosema kuchokera ku nkhafi yothyoka, nsambo zinayi zosolola ku waya wa mabuleki a njinga ya kabaza. Pooneka inali bwino ndithu. Koma mawu! Udzudzu wa kudambo unkaiposa. Mwera ukayamba mu June, mafunde n'kumasweka pagombe, munkangoona zala zikuyenda ndi khosi likugwedera, nyimbo osaimva.

Kumsika, m'mbali mwa msewu wa M5, zinkanyanya. Kumeneko aliyense ali ndi sipika yake: wa malo omwera, wometa, wotchaja mafoni, ngakhale wokazinga tchipisi. Mnyamatayo akaima pakati pawo ndi chitini chake, anthu ankamuponyera kandalama ngati akupereka chipepeso pamaliro. Tsiku lina mayi wina anamuyandikira n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Mwanawe, uyamba nthawi yanji?" Apo n'kuti ali pa nyimbo yachitatu.

Mlongo wanga, mayi ake, anali atagamula kale mlandu: chitinicho chibwerere kukhitchini, mwanayo akwere boti akakoke chilimira ngati anzake. Ine monga malume ndinavomereza. Ndikuulula pano kuti wina asadzanene kuti ndinkaona patali. Sindinkaona kanthu.

M'nyumba mwanga munali wailesi ya malemu bambo athu. Anabwera nayo kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene amuna a kunyanja kuno ankapita kumigodi pa Wenela n'kubwerera ndi jekete, chipewa ndi wailesi paphewa. Inasiya kulankhula kalekale, koma ndinkaipukuta Loweruka lililonse n'kuifunditsa kansalu koluka. Madzulo ena mphwangayo anabwera, n'kukhala pansi, manja pamodzi, ulemu wochititsa mantha.

"Amalume, wailesi ya agogo ija ili ndi ntchito?"

"Ili nayo. Imandikumbutsa bambo anga."

"Ndingofuna tiwiri tokha ta m'kati mwake. Kunja sindikhudza. Mudzapitiriza kukumbuka."

Ndinakana kawiri. Kachitatu anabwera ndi kampango wowamba, ndipo inu mukudziwa mmene milandu yotere imathera.

Zomwe ankafuna zinali ma transistor, tizitsulo tating'ono ngati njere ya chimanga, tamiyendo itatu. Mnzake wina wokonza mafoni ku Dwangwa anali atamuonetsa chithunzi cha mawaya a kabokosi kotchedwa Fuzz Face, kamene kampani ya Arbiter inayamba kugulitsa ku London mu 1966, kamene Jimi Hendrix ankaponda ndi phazi gitala yake n'kulusa. Oimba amatitcha ma pedal timabokosi totere, chifukwa umatiyika pansi pakati pa gitala ndi ampulifaya n'kumatiponda ukamaimba. Chomwe chinamusowetsa tulo mnyamatayo n'chakuti m'kati mwa kabokosi kotchuka chonchi muli zinthu zowerengeka pa zala: ma transistor awiri, ma resistor anayi, ma capacitor atatu, zopotokola ziwiri ndi batire la 9V. Basi. Ndipo ma transistor oyambirirawo anali a germanium, mtundu womwewo umene unkaikidwa m'mawailesi akale ngati ya bambo athu. M'mawailesi a masiku ano muli a silicon. Anthu a kunja amene amatolera zinthuzi amasakasaka a germanium ngati mankhwala, pamene ine ndinkawafunditsa kansalu.

Koma banjo ya chitini ilibe polumikizira waya, choncho ntchito inayambira pamenepo. Mwayi wake unali wakuti waya wa mabuleki ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimamvera maginito. Anachotsa maginito pa sipika yong'ambika, n'kufumula waya wa kopa wowonda ngati tsitsi mu transformer ya wailesi ina yakufa, n'kuyamba kukulunga. Nsambo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito okulungidwa choncho, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri totsatira kunjenjemerako. Za m'magitala a kusitolo amazikulunga ndi makina, maulendo pafupifupi 8,000. Iye anakulunga ndi manja, atatsamira mtengo wa mango, masabata awiri. Waya unaduka kanayi. Kuwerenga anasokonezeka mbuzi italowa m'khitchini, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kuti maulendowo ndi angati.

Chowotcherera analibe. Anatenga msomali wa mainchesi sikisi, n'kuukhomera m'chitsononkho cha chimanga, n'kumauika pa mbaula. Ukafiira, akhudze mtovu, amate, abwezere pamoto. Nyumba yonse inkanunkha utsi wachilendo, mayi ake n'kumatuluka panja akudandaula kuti anabala mwana wofuna kuotcha mudzi. Zonsezo anazilongedza m'chitini cha polishi wa nsapato, chifukwa mnzake uja anamuuza kuti bokosi lachitsulo limatchinga phokoso losafunika. Ampulifaya inali wailesi ya galimoto yogula kwa makaniko, moto wake batire la sola.

Usiku woyesa tinasonkhana pakhonde: ine, mlongo wanga, ana a nyumba zitatu, ndi galu. Analumikiza, anapotokola, anaponda. Tinamva kaphokoso ngati mvula ya patali. Kenako, nsambo asanaikhudze n'komwe, m'sipikamo munatuluka mawu a mwamuna wamkulu akulankhula Chiswahili modekha.

Mlongo wanga anadzuka ndi liwiro lomwe sindinamuonepo nalo chibadwire. "Ndinanena ine! Mwawadzutsa bambo!" Ana anabalalika, galu patsogolo. Ine, wamkulu wa banja, ndinapezeka ndili kuseri kwa nkhokwe ndikumanga nsapato yopanda zingwe.

Sanali bambo. Timabokosi ta mtundu umenewu timadziwika ndi khalidwe lotola mawailesi, makamaka mawaya akakhala aatali, ndipo usiku mawu a nyumba zoulutsira za kutsidya amayenda bwino pamwamba pa nyanja. Ma transistor aja anagwira ntchito ya wailesi zaka zambiri, ndiye atangolawa moto anabwerera ku ntchito yawo yakale. Mphwanga anafupikitsa mawaya, anawonjezera ka capacitor kamodzi polowera, mlendo wa Chiswahili uja n'kutsanzika.

Mawa lake madzulo anayesanso. Anakhudza nsambo imodzi yokha.

Abale anga, chitini cha mafuta chinabangula. Sindikudziwa mawu ena oti ndinene. Chinabangula ngati injini ya boti ikamadzuka m'mamawa, koma injini yodziwa nyimbo. Liwu limodzi, lomwe kale linkafa lisanafike pa bondo lake, linakhala m'mwamba osatsika, likunjenjemera, malata a denga akuyankha. Nkhuku zinatsika mumtengo. Asodzi omwe ankakonza nyali zawo pagombe anaima n'kutembenuka. Mnyamatayo anayang'ana banjo, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka misozi. Ndiye anaimba nyimbo ija yomwe mayi wa kumsika sanaimve, ndipo ulendo uno anaimva ali kwawo, kutsidya kwa msewu.

Ndinamufunsa kuti kabokosiko kamachita chiyani kwenikweni. Anandiyankha ndi ndowa. Akuti tayerekezani ndowa ya usipa, inu n'kumathirabe itadzaza kale, wogula n'kumasalaza pamwamba ndi thabwa. Timagetsi ta nsambo timayenda ngati mafunde, kukwera ndi kutsika. Transistor yoyamba imawakuza, yachiwiri imawakuzanso kupitirira pomwe batire lingakwanitse, ndiye nsonga za mafundewo zimadulidwa, zonse n'kukhala zosalazidwa pamwamba. Khutu limamva kudulidwako ngati kukalipa. Ndipo popeza liwu lofooka nalonso limakuzidwa mpaka kudzaza ndowa, nsambo imaoneka ngati sikutopa.

Apa mpomwe ndinaseka ine. Moyo wanga wonse, sipika ikayamba kulira chonchi, tinkati yawonongeka, tiitengere kwa wokonza. Ndipo mbiri yake ndi yomweyo: kunali kuwonongeka. Mu 1961 ku Nashville kunatuluka nyimbo ya Marty Robbins imene gitala ya besi ya Grady Martin inadutsa pa makina ojambulira omwe anali ndi vuto, n'kumveka mokalipa. Sanaifufute, anthu anaikonda, ndipo katswiri wa makinawo, Glenn Snoddy, anakonza kabokosi kobweretsa vutolo mwadala. Kampani ya Gibson inayamba kukagulitsa mu 1962 pa dzina la Maestro Fuzz-Tone. Sikanayende malonda mpaka 1965, pamene Keith Richards wa Rolling Stones anakaponda. Ku London, Dave Davies wa gulu la The Kinks sanavutike n'kugula: mu 1964 anangong'amba sipika yake ndi lezala. Azungu anagulitsana chilema, ife tikulipira okonza kuti atichotsere.

Sindikunena kuti phokosoli ndi la azungu okha. Funsani achikulire a ku Chipata ndi ku Lusaka za Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, kapena za WITCH ndi Amanaz, m'zaka za m'ma 1970. Magitala awo ankakalipa chomwechi, ena akuimba m'Chinyanja chathu chomwe, ndipo mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatapa mawu a Ngozi Family n'kuwaika m'nyimbo yake. Ku Kinshasa, Mawangu Mingiedi wa Konono No. 1 ankafuna kuti malikembe ake amveke pakati pa phokoso la mzinda, ndiye anapanga zotolera mawu ndi maginito a m'zitsulo za magalimoto akutha, ndipo kukalipa komwe kunatulukako n'komwe kunawatengera ku Ulaya. Kuno kwathu luso lokhoma zoimbira silinasowepo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, kumpoto kwathu kuno, amaimba babatoni wa nsambo imodzi ndi botolo ndi kamtengo. A Madalitso Band anachoka m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha n'kukaimba kunja. Chomwe ine ndinali ndisanaone ndi mwana wa kunyanja akukhoma yekha mbali ya magetsiyo.

Mu October kabokosi kanayamba matama. M'mawa kabangule bwino, usiku kabangule bwino, koma masana dzuwa likafika paliwombo kazingotsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Germanium sagwirizana ndi kutentha, n'chimodzi mwa zifukwa zomwe opanga anasamukira ku silicon. Tsono tangoganizani germanium pa mchenga wa Dwambazi mu October. Mankhwala anawapeza mayi ake omwe aja. Anatenga chitini cha polishicho n'kuchiika pansi pa mtsuko wa madzi akumwa, pamchenga wonyowa pamene amaikapo mandimu. Patapita kanthawi chinabangulanso. Kuyambira tsiku limenelo iwo amadzitcha injiniya wamkulu, ndipo za chilimira sanazitchulenso.

Matendawa ndi opatsirana. Panopa pa shelefu ya mphwanga pali zitini zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi dzina lake. Cha agogo chija amachitcha Wenela, ndipo sachigulitsa ngakhale mutabwera ndi ng'ombe. Pali Mwera, cha silicon, chosaopa dzuwa, cholusa kwambiri moti kutchalitchi anachiletsa. Pali china m'chitini cha nsomba chomwe sichifuna banjo n'komwe: m'kati mwake muli tizipangizo tiwiri totchedwa 555, tomwe takhala tikupangidwa kuyambira 1972 ndipo timapezeka m'zinthu zambiri zamagetsi. Ukapotokola chimalira chokha, pena ngati nkhululu, pena ngati ambulansi. Iye akuti imeneyo ndi synthesizer. Ana a m'mudzi akuti ndi Udzudzu, ndipo dzina la ana ndi lomwe lagwira.

Malonda ake ndalama siziyenda kwenikweni. Mnyamata woimba gitala m'kwaya ina ku Dwangwa anatenga chitini chimodzi n'kusiya batire la njinga yamoto. Wina wa ku Tukombo anapereka ndowa ya usipa wouma ndi sipika ziwiri. Koma ndalama yeniyeni pamsika umenewu ndi wailesi yakufa, ndipo ikakhala yakale kwambiri mtengo umakwera. Agogo aakazi a m'midzi yozungulira azindikira msanga. Wina anabwera ndi yake atakulunga m'chitenje, n'kunena kuti saipereka pokhapokha mnyamatayo akaimbe pa chinkhoswe cha mdzukulu wake. Anakaimba. Anthu anavina mpaka batire linatha, n'kubwereka la boti.

Kumsika kuja zinthu zatembenuka. Akangotsitsa katundu wake pa njinga, wometa amazimitsa sipika yake yekha, wa malo omwera amatulutsa benchi. Amene ankaponya kandalama ka chipepeso tsopano amakanganirana kutsogolo, n'kumafuula kuti, "Ponda Wenela! Ponda Wenela!" Iye amayamba mofatsa, banjo ili ndi kaliwu kake kakale ka udzudzu, anthu n'kumasendera kuti amve. Akaona kuti asendera mokwanira, amandiyang'ana ine, n'kutsitsa phazi. Ndaziona kambirimbiri koma ndimadzidzimukabe, ndipo mayi uja wa funso lija ndi amene amayambitsa nthungululu.

Ine udindo wanga ndi kunyamula mtsuko. Ndimauyendetsa pa kabaza, ndimauthira madzi, ndimakhala pambali pake ngati mlonda, ndipo aliyense wofunsa ndimamuuza kuti mawu akumvawo ndi a wailesi ya bambo anga. Chikhokhombe chake chikadali m'nyumba, ndimachipukutabe Loweruka, kansalu kali pomwepo.

Tsono inu amene mukudutsa pa M5 kupita ku Nkhata Bay kapena kutsikira ku Nkhotakota, ngati kwanu kuli wailesi ya agogo yomwe inasiya kulankhula Kamuzu akadali pampando, musaipatse ana kuti aziseweretsa. Ikulungeni bwino, mutsike nayo pa Dwambazi, mufunse kwa mnyamata wa zitini. Mukasochera, imani kaye chete. Mumumva.