Agalu awiri, nkhupakupa zomwezo: chifukwa chake sadwala mofanana

Dzinja lapitali, mnzathu wina amene anamaliza maphunziro pano, ndipo tsopano akulima cha ku Kanakantapa, anabwera ndi funso limene sitinathe kuliyankha m'mawu ochepa. Agalu ake awiri amagona pakhonde limodzi, amadyera m'mbale imodzi, ndipo onse anali ndi nkhupakupa m'makutu. Mmodzi anaonda, anasiya kudya, nkhama zake zinayera, kenaka anayamba kutuluka magazi m'mphuno. Winayo anali kuthamangitsa mbuzi m'munda monga mwa masiku onse. Mwini wake anabaya wodwalayo jakisoni wachikasu uja wa ng'ombe, diminazene, amene ambiri timangomutcha Berenil, koma galuyo sanasinthe. Funso lake linali lakuti: ngati nkhupakupa ndi zomwezo, bwanji wina akufa pamene wina ali gwa?

Tiyambe ndi jakisoniyo. Timakonda kunena kuti "matenda a nkhupakupa" ngati kuti ndi nthenda imodzi, pamene ndi nthenda zingapo. Kachilombo kotchedwa Babesia kamaswa maselo ofiira a magazi, ndipo nthawi zambiri mkodzo wa galu umafiira. Diminazene amapha kameneko, ngakhale kuti kwa galu ndi mankhwala oopsa, chifukwa ukangopyoza muyezo amaononga ubongo. Koma nkhupakupa zimanyamulanso mabakiteriya, amene jakisoniyo sawakhudza n'komwe. Awiri odziwika kwambiri mwa agalu ndi Ehrlichia canis ndi Anaplasma platys. Woyambayo anapezeka mu 1935 ku Algeria, ndi akatswiri awiri a ku Institut Pasteur, Donatien ndi Lestoquard, ndipo amakhala m'maselo oyera a magazi. Wachiwiriyo anadziwika mu 1978 ku Florida, ndipo amalowa m'tizigawo ting'onoting'ono ta magazi timene timathandiza kuti magazi aundane pabala. Onse awiri amachepetsa tizigawo timeneti. N'chifukwa chake galu amatuluka kamfuno kapena kuoneka madontho ofiira m'nkhama ndi pamimba.

Tsopano tifike pagwero pa nkhani. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga n'chimanga, komabe cha makolo chimasiyana ndi chogula m'sitolo pa kucha kwake ndi pa kupirira anankafumbwe. Mabakiteriya alinso chimodzimodzi. Dzina limakhala limodzi, koma mkati mwake muli mabanja osiyana. Kusiyanako kunalembedwa m'majini, malangizo a chibadwa amene chamoyo chilichonse chimapatsira ana ake, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha zobwerezedwa m'ndondomeko yaitali. Pamene bakiteriya akugawikana, chilembo china chimatha kukopedwa molakwika, ndipo ana ake onse amatengera cholakwikacho. Pakapita mibadwo yambiri, banja la kudera lina limakhala litasiyana ndi la kwina.

Kuti aone zimenezi, a ku labotale amatenga magazi a galu, nachulukitsa kachigawo kamodzi ka majini a kachilomboko mwa njira yotchedwa PCR, ndipo akatero amawerenga zilembo zake. Jini imene amayambira kawirikawiri ndi 16S rRNA, imene imasintha pang'onopang'ono kwambiri. Tingaiyerekeze ndi chiwongo: imakuuzani kuti uyu ndi Phiri, koma siikuuzani kuti ndi Phiri wa mudzi uti. Kuti adziwe mudziwo amawerenga majini ena osintha msanga, monga gltA, kapena TRP36 pa Ehrlichia canis. Powerenga TRP36, akatswiri apeza magulu angapo a kachilomboka, ndipo anawatcha maina a maiko kumene anayamba kuwazindikira: America, Brazil, Taiwan ndi Costa Rica.

Ntchito yotere inachitikapo kwathu kuno. Mu 2018 kunasindikizidwa kafukufuku wa Vlahakis ndi anzake, ena mwa iwo a ku University of Zambia, amene anayeza magazi a agalu 301 m'boma la Chilanga, m'chigawo chathu chomwechi cha Lusaka. Agalu 27, ndiko kuti 9 mwa 100 alionse, anapezeka ndi Anaplasma. Ofufuzawo anawerenga mozama majini a m'magazi a agalu anayi, ndipo mwa anayi okhawo munapezeka mitundu iwiri: Anaplasma platys, ndi mtundu wina wofanana kwambiri ndi umene unapezeka mwa agalu a ku South Africa. Chimene tikufuna kuti muchigwiritsitse n'chakuti agalu onsewo anali ooneka athanzi. Palibe mwini galu akanaganiza kuti chiweto chake chanyamula kanthu. Choncho galu wachiwiri wa mnzathu uja, wothamangitsa mbuziyo, sitingamuyese wopanda kachilombo chifukwa chongomuona akudya bwino. Angakhale nkhokwe imene nkhupakupa za pakhomopo zimatapamo.

Kodi mabanjawa amasiyana ukali? Pa Anaplasma platys zikuoneka choncho. Ku America agalu ambiri amene ali naye sadwala mooneka, koma ku Greece ndi ku Israel madokotala alembapo za agalu odwala kwambiri ndi kachilombo ka dzina lomweli. Komabe tisakankhire zonse kwa kachilombo. Chibadwa cha galu nachonso chimalowapo. Pa nkhondo ya ku Vietnam, Ehrlichia canis anapha agalu ambiri a asilikali a ku America, makamaka a mtundu wa German Shepherd, umene mpaka lero umadwala nthendayi moopsa kuposa mitundu ina. Galu wosowa chakudya chokwanira, kapena wonyamula tizilombo tiwiri nthawi imodzi, amagwa msanga. Ndipo Ehrlichia ali ndi chizolowezi choipa: galu amatentha thupi patapita masiku 8 mpaka 20 chimulumireni nkhupakupa, kenaka amaoneka ngati wachira, pamene kachilomboko kabisala m'kapamba miyezi kapena zaka. Kakabwereranso kamaononga mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, ndipo pamenepo kuchira kumavuta. N'kutheka kuti agalu awiri aja anali ndi nthenda imodzi, koma pa misinkhu yosiyana.

Alimi a ng'ombe nkhani ya mabanja a tizilombo siyachilendo kwa iwo, ngakhale saitchula motero. Katemera wa denkete amene amabayidwa ku Eastern Province amapangidwa kuchokera ku banja la Katete, pamene wa ku Southern Province amachokera ku banja la Chitongo. Anachita dala zimenezi, poopa kulowetsa banja lachilendo m'dera limene ng'ombe zake sizinakumanepo nalo. Kachilombo ka denkete si bakiteriya, koma phunziro lake ndi lomwelo. Pa agalu katemera wa Ehrlichia palibe pamsika, motero chotsala n'kusamala ndi galu wobwera. Dziko la Australia linakhala zaka zambiri lopanda Ehrlichia canis, koma atapezeka mu 2020 kumpoto kwa Western Australia anafalikira msanga m'madera a kumpoto kwa dzikolo. Ife tikagula kagalu ku Lusaka, kapena kulandira ka mphatso kuchokera kumudzi, timakabweretsa pamodzi ndi nkhupakupa zake ndi zonse zili m'magazi mwake. Kachotsedwe nkhupakupa kasanasakanikirane ndi agalu a pakhomo.

Chotonthoza n'chakuti mankhwala ake sasankha banja. Doxycycline amagwira pa Ehrlichia ndi pa Anaplasma pomwe, koma pa Ehrlichia galu ayenera kumwa masiku 28 osadukiza, pa muyezo umene dokotala wa ziweto wawerengera molingana ndi kulemera kwake. Apa m'pamene ambiri timalephera, chifukwa galu amayamba kudya patangopita masiku awiri kapena atatu, ndipo mapiritsi otsalawo timawasungira tsiku lina. Galu wotere ndiye amakhala wonyamula kachilombo mwakachetechete.

Nkhupakupa yofiirira ya agalu, Rhipicephalus sanguineus, imasiyana ndi zambiri za ng'ombe chifukwa siidikira m'tchire. Imakhala pakhomo, m'ming'alu ya khoma, pansi pa masaka amene galu amagonapo, ngakhale m'mwamba pafupi ndi denga, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira zikwi zingapo. Kusambitsa galu yekha osakhudza pogona pake n'kutaya mankhwala. Matani ming'alu, tenthani masaka akale, poperani khoma, ndipo gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu, osati dipi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza. Ena mwa mankhwala a agalu, monga permethrin, amapha amphaka, choncho mphaka asayandikire galu wongopakidwa kumene. Pochotsa nkhupakupa musaiphwanye ndi zala, ndipo ana amene amasewera ndi agalu aziyang'anidwa kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi madzulo posamba.