Bala la Opareshoni Likayamba Mafinya, Bwererani Kuchipatala

M'sewero lija tinamvera pa wailesi, mayi wina anachira mwa opareshoni natulutsidwa m'chipatala ali bwinobwino. Patapita masiku asanu bala linatupa, thupi n'kutentha. Apongozi ake anati ndi malungo, nakamugulira mankhwala kugolosale. Pokambirana, amayi ambiri anafunsa kuti: kodi munthu angatenge matenda kuchipatala kumene wapita kukafuna moyo?

Inde, zimatheka. Tizirombo timayenda pa manja osasamba, pa zipangizo zosaphitsidwa bwino, ngakhalenso pa chitenje chimene wodikirira wodwala wayala pansi kenaka n'kufunditsa khanda. Si kuno kokha ayi. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 15 mwa 100 alionse ogonekedwa m'chipatala amatenga matenda amene sanabwere nawo.

Chipatala chimadziwa za vutoli powerenga odwala. Mu 1847 dokotala Semmelweis, amene ankagwira ntchito ku Vienna, anayerekeza imfa za amayi ochira m'mawodi awiri. Atalamula madokotala kuti azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, maliro anachepa kwambiri.

Kwathu kuno chovuta n'chakuti bala la opareshoni likhoza kuyamba mafinya mpaka masiku 30, mayi ali kale kumudzi ku Bolero, ku Katowo kapena ku Mhuju. Namwino wa pa chipatala cha Rumphi Boma angadziwe bwanji ngati inu simunabwerere? Amayi atatu ochitidwa opareshoni sabata imodzi akabwera ndi vuto lofanana, anamwino amayamba kufufuza: kodi ndi makina ophitsira zipangizo, madzi, kapena kasambidwe ka m'manja? Koma atatuwo akabalalika, wina kwa asing'anga, wina kugolosale, wina kungogona m'chikuta, buku la m'wodi limaonetsa ngati zonse zili bwino. Wachinayi amagwera m'vuto lomwelo.

Choncho amayi, mukamva kutentha thupi, kuzizidwa, kupweteka m'munsi mwa mimba, kapena kutuluka zonunkha kumaliseche, kaya bala latupa ndi kutuluka mafinya, musadikire tsiku la sikelo. Chimodzimodzi mwana akafiira pamchombo kapena akakana kuyamwa. Ena amaopa kuti aoneka ngati akuneneza anamwino. Mantha otere ataye. Kunena za bala lanu si mlandu.

Ngati ku Boma n'kutali, pitani pa chipatala chaching'ono chapafupi tsiku lomwelo. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo nenani tsiku ndi malo amene munachirira kuti zilembedwe.