Kuluka Masokosi Oyenera Phazi la Mwini Wace

Nkhani yathu lero iri ya cobvala cacing'ono cimene anthu sacisamala kufikira tsiku limene ciwapweteka, ndico sokosi.

Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi akhala m'jombo tsiku lonse, ndipo m'migodi yina, monga wa Konkola ku Chililabombwe, madzi acuruka ndithu. Phazi likanyowa khungu lifewa. Tsono sokosi ikakula ipindika pansi pa cidendene nikhula khungulo kufikira lituruka matuza. Ikacepa ipanikiza zala. Thuza likaphulika m'jombo yonyowa lisanduka cironda, ndipo cironda cigoneka munthu kunyumba anzace ali pa nchito. Sokosi ya m'sitolo siidziwa mwini wace, koma woluka ndi manja alukira phazi limene waliona ndi kuliyesa.

Yambani ndi kuyesako. Zungulizani cingwe paphazi pamene pali potakata, kuseri kwa zala, ndipo sokosi icepeko pa muyeso umenewo ndi gawo limodzi la magawo khumi, pakuti coluka cimatanuka. Ulusi wabwino ndi wa ubweya wa nkhosa wosanganiza ndi nailoni pang'ono. Ubweya umwa thukuta osamveka kunyowa msanga, nailoni ndiye aletsa kutha. Koma thonje likanyowa likhala lonyowa kufikira madzulo.

Tengani singano zolukira zinai kapena zisanu, zosongoka mbali zonse ziwiri. Tizingwe tokoleka pa singano tija pano tiziti "maso", monga maso a ukonde. Kwa munthu wamkuru, ngati ulusi uli wopyapyala, maso 64 amakwanira kawiri kawiri. Lukani mozungulira, maso awiri kutsogolo ndi awiri kumbuyo, kuti sokosi igwire mwendo. Apa palibe cobvuta. Mungathe kuluka mulikuceza. Ku Yorkshire, m'dziko la England, m'zaka za m'ma 1700, amuna okumba mtobvu ankaluka masokosi ali pa njira ya ku mgodi. Abambo a kuno amene ayesa kuti kuluka ndi nchito ya amai okha amve zimenezo.

Nzeru yonse iri pa cidendene. Phazi siliongoka ngati nsungwi ai. Lipindika pa kakolo monga khasu pa mpini wace, ndipo coluka ciyenera kupindika pomwepo. Siyani maso 32 apumule, ndiwo a pamwamba pa phazi. Pa maso 32 otsalawo lukani mopita ndi kubwerera mizere 32, koma diso loyamba la mzere uli wonse mungolisuntha osaliluka. Mukatero m'mphepete mucita timfundo 16 uku ndi 16 uko, ndipo tidzatifuna posacedwa. Cimene mwalukaco ndi kansaru kophimba kumbuyo kwa cidendene. Wa phazi lotukuka pamwamba muonjezereni mizere inai kapena isanu ndi umodzi, cifukwa mukapanda kutero sokosi idzakana kulowa pa kakolo.

Tsopano kukhotetsa, kumene ambiri akuopa cabe. Lukani maso 18, phatikizani awiri otsatira akhale limodzi, lukani lina limodzi, ndi kutembenuka mzere usanathe. Pobwerera lukani 6, phatikizani awiri, lukani limodzi, tembenukaninso. Mudzaona kampata pamene munatembenukira. Pa mzere uli wonse phatikizani maso awiri a tsidya lino ndi tsidya lija la kampatako, lukani limodzi, ndi kubwerera. Pakati pacuruka mizere pamene m'mbali mulikucepa, ndico cifukwa cace kansaru kosalala kaja kasanduka kambale kolandira cidendene. Maso a m'mbali akatha, pa singano patsala 18. Ine ndakhotetsa zidendene zambiri, koma kambale kameneka kakaoneka ndimakondwabe ngati mwana.

Tolani diso limodzi pa kamfundo kali konse, 16 mbali yino ndi 16 mbali yinayo, ndi kuyambanso kuzungulira pamodzi ndi maso 32 opumula aja. Onse pamodzi ali 82, ndipo ayenera kucuruka comweco, popeza kucokera ku cidendene kukwera pa kakolo ndipo pamene phazi likula kopambana. Pa mzere waciwiri uli wonse cepetsani diso limodzi mbali yino ndi limodzi mbali yinayo. Mukacita kasanu ndi kanai mwabwerera ku 64. Mwini wace abvale singano zikali pomwepo. Ngati phazi lace liri lowonda, cepetsani kufikira 60, pakuti woyenera kumvera ndi phazi, si ciwerengero.

Lukani osacepetsa kufikira patsala masentimita 5, ndiwo mainchi awiri, kuti mufike pa nsonga ya cala cacitali. Pamenepo cepetsani maso anai pa mzere waciwiri uli wonse, awiri ku cala cacikuru ndi awiri ku cacing'ono, kufikira atsala 24. Musamange mfundo kapena kusoka msoko wotukuka, cifukwa m'jombo msoko wotere ulasa zala ngati kamwala. Gawani masowo pa singano ziwiri, 12 ndi 12, ndipo ndi singano yosokera pitirizani ulusi m'maso a uku ndi uko motsanza mzere woluka, kuti polumikiza pasadziwike. Angelezi aucha msoko umenewu ndi dzina la Lord Kitchener, mkuru wa za nkhondo wa ku Britain pa nkhondo yaikuru imene inayamba mu 1914, nthawi imene anthu ankalukira masokosi asilikari okhala m'maenje a matope.

Lembani pa kapepala mizere yonse imene mwaluka, kuti sokosi yaciwiri ilingane ndi inzace. Ulusi wotsala musataye: pa cidendene ndipo payamba kupyapyala, ndipo mukapaona pambuu musokepo pasanabooke.