Mchere wa ku Chilwa ndi Mayina a Mankhwala

Amene tinafikapo pa doko la Kachulu tikudziwa kuti madzi a m'nyanja ya Chilwa ndi amchere. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Thondwe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Dzuwa likamaumitsa madziwo, mchere umene mitsinje inasungunula m'miyala ndi m'nthaka umatsalira. Nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, dothi la m'malo ena limayera ngati pawazidwa ufa. Mbali yaikulu ya mcherewu ndi sodium chloride, womwe uja timathira m'matemba. Kodi umapangika bwanji?

Atomu ya sodium ili ndi ma elekitironi 11, ndipo imodzi yokha ndiyo ili pa mzere wakunja. Atomu ya chlorine ili ndi 17, ndipo pa mzere wakunja pali 7, kupereweza imodzi kuti akwane 8. Ziwirizi zikakumana, sodium imapereka elekitironi yakeyo kwa chlorine. Yopereka imasanduka Na⁺, yolandira imasanduka Cl⁻. Atomu yokhala ndi chaji chotere timaitchula ayoni. Popeza machaji osiyana amakokana, ma ayoniwa amagwirana, ndipo kugwiranaku ndiko timati ionic bond. Amasanjikizana mwadongosolo ngati njerwa za khoma, mwamphamvu moti mchere umafunika kutentha kwa madigiri 801 kuti usungunuke pa moto. Koma m'madzi ma ayoni amamasukana n'kuyenda paokha, n'chifukwa chake madzi amchere amadutsitsa magetsi.

Potchula mayina, malamulo ofunika ndi anayi. Choyamba, timayamba ndi ayoni ya +, kenako ya −. Chachiwiri, ayoni ya − ikakhala ya atomu imodzi, dzina limathera ndi -ide: chlorine imakhala chloride, oxygen imakhala oxide. Chachitatu, ikakhala gulu la ma atomu lokhala ndi oxygen, kawirikawiri dzina limathera ndi -ate kapena -ite: nitrate ndi NO₃⁻, pamene nitrite, ya oxygen wocheperapo, ndi NO₂⁻. Chachinayi, chitsulo chotha kukhala ndi machaji angapo timachiikira nambala ya Chiroma. Iron(II) sulphate, wa m'mapiritsi oonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo, ali ndi Fe²⁺. Polemba fomyula, machaji ayenera kufafanizana. Calcium ndi Ca²⁺, motero imafuna ma chloride awiri: CaCl₂.

Izi si za mayeso a MSCE okha. Kolera amavuta kawirikawiri ku Chilwa, makamaka kwa asodzi okhala m'zimbowera pakati pa nyanja, amene amamwa madzi a pomwepo. Mu paketi ya ORS muli sodium chloride ndi potassium chloride, zobwezeretsa ma ayoni amene wodwala wataya potsegula m'mimba. M'botolo la WaterGuard muli sodium hypochlorite, wopha tizilombo m'madzi. Mayinawa akufanana, koma ntchito zake n'zosiyana. Mchere suyeretsa madzi akumwa, ndipo hypochlorite wosasungunula m'madzi ambiri amaotcha kukhosi.

Ife amene tinakhala ndi mwayi wa sukulu tikapita kumudzi pa tchuthi, agogo kapena oyandikana nawo nyumba adzatipatsa botolo kuti tiwawerengere. Tiyeni tiziwerenga dzina lonse, mpaka chilembo chomaliza.